Ndapita padera katatu, mwendo unatupaponso: kodi ndi APS?

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 31. Ndapita padera katatu, mimba ziwiri zinachoka zisanakwane miyezi itatu, yachitatu mwana anafera mmimba ndili ndi miyezi 6 ndipo anandiuza kuti mwanayo analibe chilema chilichonse. Zaka zinayi zapitazo ndikumwa mapilitsi olera mwendo wakumanzere unatupa, anati magazi aundana mu mtsempha, ndinamwa warfarin miyezi 6 kenako anandisiyitsa. Mnzanga wandiuza za matenda otchedwa APS. Ndi chani chimenechi, ndipo ndingakhale nawo? Ndikuopa kutenganso mimba.

Yankho:

Mayi, pepani kwambiri. Ana atatu si nkhani yaing'ono, makamaka wachitatuyo amene munali mutayamba kale kumumva akusuntha. Pepani ndithu.

Mnzanuyo wachita bwino zedi kukutchulirani APS, chifukwa zomwe mwalembazi, mwendo wotupa uja komanso mwana wabwinobwino kufera mmimba pa miyezi 6, ndi zinthu ziwiri zomwe dokotala aliyense akazimva pamodzi akuyenera kuganizira matenda amenewa. Vuto nlakuti nthawi zambiri sizimveka pamodzi. Mwendo munaonetsa kwa dokotala wina, zaka zinadutsa, za mimba munaonana ndi azamba ndi madokotala a amayi, aliyense anathandiza gawo lake bwinobwino koma palibe anakhala pansi nkulumikiza kuti kodi mwendo uja ndi mimba izi sizikuchokera pamodzi? Ndi mmene APS imabisalira kwa anthu ambiri, zaka ndi zaka. Amene angatsimikize kuti muli nayo kapena ayi ndi magazi anu ku labu, koma ine ndikuti muli ndi zifukwa zokwanira zopitira kukapempha kuyezedwa, ndipo mupite musanatengenso mimba.

Dzina lake lonse ndi antiphospholipid syndrome, ena amati Hughes syndrome potengera Dr Graham Hughes wa ku London amene anawafotokoza bwino matendawa mu 1983. Ali mgulu la matenda aja omwe chitetezo cha mthupi chimasokonekera nkuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Thupi limapanga asilikali, ma antibody, oti azimenyana ndi tizilombo, nde mwa munthu wa APS ena mwa asilikaliwa amakakamira pa puloteni ina ya mmagazi yotchedwa beta-2 glycoprotein I, yomwe imakonda kumata pa khungu la maselo. Akakakamira pamenepo amatekesa mkati mwa mitsempha, amadzutsa ma platelet, timaselo tija timathandiza magazi kuuma ukadzicheka, ndiye magazi amakhala ofulumira kuundana olo palibe bala. Ndipo chomwe chimasiyanitsa APS ndi mavuto ena ambiri oundanitsa magazi nchakuti imagwira mbali zonse, mitsempha yobweza magazi ku mtima komanso yochotsa magazi ku mtima, yaikulu ndi ing'onoing'ono yomwe. Nchifukwa chake mwa wina imaonekera mmwendo, wina mmapapo, wina ndi sitiroko ali ndi zaka 35 zokha alibe BP alibe shuga, wina impso, wina diso kusiya kuona mwadzidzidzi.

Si matenda opatsirana, simunawatenge kwa bambo akunyumba ndipo simungawapatsire. Sikuti munadya kanthu kolakwika kapena munanyamula katundu wolemera muli oyembekezera. Ndikunena izi chifukwa amayi ambiri amene apita padera kangapo amakhala akudziimba mlandu usiku ndi usana, enanso amachita kuimbidwa ndi anthu ena.

Kumbali ya mimba nkhani yake imakhala pa nsengwa. Mwana amadya ndi kupuma kudzera mu nsengwa, ndipo nsengwayo kuti igwire bwino imayenera kuzika mizu mu khoma la chiberekero masabata oyambirira aja. Ma antibody amenewa amasokoneza kuzikako, amayambitsa kutupa pamalopo, komanso timitsempha ta mu nsengwa timatha kutsekeka. Zikavuta koyambirira mimba imachoka. Zikavuta mochedwa mwana amakula pang'onopang'ono, madzi amachepa, mayi BP imakwera nkufika pa pre-eclampsia, matenda oopsa a BP a amayi oyembekezera, mimba isanafike patali, kapena mwana amangosiya kusuntha monga zinakuchitikirani inu. Akatswiri atakumana ku Sydney anagwirizana mfundo zomwe zinatuluka mu 2006, ndipo kumbali ya uchembere anati tiganizire APS ngati mayi wapita padera katatu kapena kuposa motsatizana mimba isanakwane masabata 10 popanda chifukwa china, kapena mwana wopanda chilema wafera mmimba kamodzi kokha kuyambira sabata ya 10 kupita mtsogolo, kapena mayi wachira asanakwane masabata 34 chifukwa cha pre-eclampsia yoopsa kapena nsengwa yolephera. Onani pamenepo, kamodzi kokha. Mwana wanu wachitatu uja payekha ndi chifukwa chokwanira, musalole wina akuuzeni kuti dikirani zichitikenso kaye ndiye tidzayeze.

Kupita padera kuli ndi zifukwa zambiri, ndisakubiseni. Mimba zambiri zochoka mwezi woyamba kapena wachiwiri zimachoka chifukwa mwanayo sanapangike bwino kuyambira pachiyambi, palinso za mawonekedwe a chiberekero, khomo la chiberekero lofooka, chithokomiro, shuga. Mwa amayi opita padera mobwerezabwereza, amene amapezeka ndi ma antibody a APS ndi pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 alionse. Nde ambiri alibe. Koma chomwe ndimalimbikira kuti ayezedwe nchakuti pa zifukwa zonsezi APS ndi imodzi mwa zochepa zomwe zili ndi mankhwala othandizadi.

Za kuyeza tsopano, apa mumvetsetse chifukwa anthu ambiri amasokonezeka pompa. Mayeso alipo atatu: lupus anticoagulant, anticardiolipin, ndi anti-beta-2 glycoprotein I. Pemphani onse atatu, lembani mainawa pa pepala kapena mu foni mukawaonetse. Kuyeza kumodzi kokha nkupezeka bwinobwino sikutanthauza kuti nkhani yatha, pali anthu amene awiri amatuluka negative koma wachitatu positive. Ndipo chimodzi chikatuluka positive sitinena kuti muli ndi APS tsiku lomwelo ayi, timadikira masabata osachepera 12 nkuyezanso. Chifukwa chake nchakuti ma antibody amenewa amatha kungotulukira kwa kanthawi munthu akadwala matenda ena monga malungo, chindoko, hepatitis C, HIV kapena chimfine champhamvu, komanso ndi mankhwala ena, kenako nkuzimiririka okha. Anthu ena athanzi, pakati pa 1 ndi 5 pa 100, amakhala nawo pang'ono osadwala chilichonse moyo wawo wonse. Nde APS ndi zinthu ziwiri pamodzi, ma antibody okhalitsa komanso vuto lenileni lomwe lachitika mthupi, kuundana kwa magazi kapena mavuto a mimba aja. Miyezi itatu yodikirayo imatopetsa ndikudziwa, koma imateteza munthu kuti asaikidwe pa mankhwala osungunula magazi kwa zaka pomwe sakufunikira.

Dzina la lupus anticoagulant lisakusokonezeni, mayesowa akatuluka positive sizikutanthauza kuti muli ndi lupus, matenda ena omwe chitetezo cha mthupi chimalimbana ndi thupi lomwelo, ndiponso sizikutanthauza kuti magazi anu sagwirana. Mu kabotolo ka ku labu magaziwo amachedwa kuuma, koma mthupi zimachitika mosemphana, amafulumira. Ndipo pa atatu aja awa ndi amene amalosera kwambiri za chiopsezo. Munthu amene onse atatu ali positive timati triple positive, ameneyo timamusamala kwambiri kuposa wina amene ali ndi kamodzi kotsika. China, mayeso a lupus anticoagulant amasokonezeka ngati munthu ali pa mankhwala osungunula magazi, akumwa warfarin, rivaroxaban, apixaban kapena akubayidwa heparin, komanso masiku amene magazi angoundana kumene. Inu panopa simukumwa kalikonse nde ino ndi nthawi yabwino yoyezera. Kwa ena amene akuwerenga ali pa mankhwalawa, musasiye nokha kuti mukayezetse, uzani dokotala ndi a labu zomwe mukumwa iwo adziwa chochita.

Pali kanthu kena komwe ndimafuna amayi ambiri atakadziwa. Mayeso akale a chindoko, VDRL ndi RPR, omwe amayezedwa ku sikelo malo ambiri, amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa cardiolipin, omwe aja a mu dzina la anticardiolipin. Nde mayi wa APS atha kuuzidwa kuti wapezeka ndi chindoko pomwe alibe, abayidwa penicillin, kunyumba kwabuka mkangano woti watenga kuti, banja mpaka kugwedezeka, pomwe chenicheni chinali ma antibody amenewa. Ngati zinakuchitikiranipo kuti RPR inatuluka positive koma mayeso otsimikizira monga TPHA anatuluka negative, kanene zimenezo kwa dokotala, ndi chizindikiro chothandiza. Izi sizikutanthauza kuti mayi woyembekezera akane jakisoni wa chindoko, ayi, chindoko chenicheni chimapha ana mmimba ndipo kubayitsa nkofunika, ndikungoti pakhale kutsimikiza.

Zizindikiro zina zomwe mungadziyang'ane nokha. Khungu la pa ntchafu, mmaondo kapena mmikono limatha kuoneka mizeremizere yolukana ngati ukonde, yofiirira moderapo, imaonekera kwambiri kukazizira, madokotala amati livedo. Pa khungu lakuda imavuta kuona, imangooneka ngati madera ena adera kuposa ena, muyang'ane pa kuwala kwa dzuwa osati kwa babu, ndipo mukaiona ijambuleni pa foni chifukwa tsiku lopita ku chipatala mwina idzakhala itazilala. Mutu waching'alang'ala wobwerabwera, zilonda za mmiyendo zosapola, kuiwalaiwala, kukomoka ngati khunyu, ma platelet otsika pa full blood count, mavavu a mtima okhuthala. Chilichonse pachokha sichinena kuti APS, anthu a mutu waching'alang'ala ndi ambirimbiri ndipo ochuluka alibe matendawa, koma zikaphatikana ndi mbiri ngati yanuyi zimawonjezera kulemera. Kafukufuku wamkulu wa odwala 1,000 a mmaiko 13 a ku Ulaya, amene anatsogolera Dr Ricard Cervera wa ku Barcelona nkutuluka mu 2002, anapeza kuti 82 pa 100 anali akazi, pafupifupi 39 pa 100 anaundanapo magazi mu mtsempha wa mkati mwa mwendo, pafupifupi 20 pa 100 anachitapo sitiroko, pafupifupi 30 pa 100 anali ndi ma platelet otsika, ndipo mmodzi mwa anayi alionse anali ndi livedo. Oposa theka anali ndi APS payokha, ena ambiri otsalawo anali nayo pamodzi ndi lupus. Kutembenuza kwake, mwa anthu a lupus pafupifupi 30 mpaka 40 pa 100 amakhala ndi ma antibody amenewa, nde ngati mumamva kupweteka mmalo olumikizira mafupa, tsitsi kuthothoka, zilonda mkamwa, zotupa pankhope mukakhala padzuwa, munene kuti ayezenso lupus. Amuna nawonso amadwala APS, ndipo kwa iwo imachedwa kwambiri kudziwika poti palibe nkhani ya mimba yoti ichenjeze.

Kafukufuku wa ku Olmsted County ku Minnesota, America, wa mu 2019, anapeza anthu pafupifupi 50 pa 100,000 alionse ali ndi APS. Chiwerengero chikuoneka chaching'ono koma kumbukirani kuti amawerengedwa ndi okhawo amene anayezedwa. Mwa anthu amene aundana magazi mmwendo pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka ndi ma antibody amenewa, ndipo mwa achinyamata ochita sitiroko chiwerengero chimakwera kuposa apo. Ine maganizo anga ndi oti munthu aliyense wosakwana zaka 50 amene wachita sitiroko kapena waundana magazi popanda chifukwa chooneka, funso la APS lifunsidwe asanatuluke mchipatala.

Za mapilitsi olera aja. Ma antibody paokha nthawi zambiri amangokhala phee, amadikira chinthu chachiwiri chowakankha, monga mimba, masabata oyamba mutachira, opaleshoni, kugona pabedi nthawi yaitali, ulendo wautali mutakhala malo amodzi, fodya, kunenepa kwambiri, kapena mankhwala okhala ndi estrogen, imodzi mwa mahomoni a akazi. Mapilitsi ophatikiza aja ali ndi estrogen. Nde nkutheka kuti nthawi ija anangoti ndi mapilitsi basi nkhani nkuthera pomwepo, pomwe mapilitsiwo anangovundukula vuto lomwe linalipo kale. Kaya zotsatira zituluka bwanji, munthu amene anaundanapo magazi asabwererenso ku njira yolera ya estrogen. Pa miyezi imene mukudikira mayesowa mufunika kulera ndithu, ndipo njira zomwe zimagwirizana ndi anthu a ma antibody amenewa ndi lupu, ya kopa kapena ya levonorgestrel, mapilitsi a progestin yekha opanda estrogen, ndi makondomu. Jakisoni wa Depo akatswiri a American College of Rheumatology mu 2020 analangiza kuti anthu amenewa amupewe.

Nanga zikatsimikizika kuti ndi APS? Ma antibody sitingawachotse kuti atheretu, chomwe timachita nkuteteza kuti magazi asaundanenso. Kwa munthu amene magazi anaundana popanda chowakankha, mankhwala ake ndi warfarin kwa nthawi yaitali, nthawi zambiri moyo wonse, ndi kuyezetsa INR, muyeso wa mmene magazi akuchedwera kuuma, pafupipafupi kuti izikhala pakati pa 2 ndi 3. Kwa inu poti zinachitika muli pa mapilitsi, dokotala adzayang'ana kuti ndi mayeso angati ali positive ndipo akwera bwanji, ndiye mudzagwirizana ngati mubwerere pa warfarin kapena ayi. Warfarin ndi wovuta, ndikuvomereza, amafuna kupita ku labu kawirikawiri, amakangana ndi mankhwala ambiri, cotrimoxazole, metronidazole ndi fluconazole amamuwonjezera mphamvu mpaka munthu kutaya magazi, rifampicin wa TB amamufooketsa, ibuprofen ndi diclofenac amawonjezera chiopsezo chotuluka magazi mmimba, mankhwala azitsamba nawonso amasokoneza. Masamba obiriwira musasiye kudya, chofunika nkudya mofanana sabata ndi sabata osati lero mbale yodzadza kenako milungu iwiri osakhudza. Nkhama zikamatuluka magazi osasiya, kamfuno wosaleka, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii, pitani mukayezetse INR tsiku lomwelo.

Anthu ambiri amafunsa kuti bwanji osangomwa mankhwala atsopano aja osafuna kuyezetsa, monga rivaroxaban ndi apixaban. Pa matenda ena ndi abwino kwambiri, koma pa APS nkhani ndi ina. Kafukufuku wotchedwa TRAPS wa ku Italy, amene anatuluka mu 2018, anayerekeza rivaroxaban ndi warfarin mwa odwala 120 a triple positive ndipo anaimitsidwa nthawi isanakwane, chifukwa mgulu la rivaroxaban anthu 7 anachita sitiroko kapena mtima kutsekeka mitsempha pomwe mgulu la warfarin munalibe olo mmodzi. Chaka chotsatira bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la EMA linachenjeza za mankhwala a gulu limeneli kwa anthu a APS. Apa mpamene mungaone kuti kudziwa dzina la matenda si nkhani yongofuna kudziwa, kumasintha mankhwala amene munthu akuyenera kupatsidwa.

Zizindikiro zothamangira ku chipatala osadikira kuti kuche, kaya mwayezedwa kale kaya ayi: katumba wa mwendo umodzi kutupa, kutentha ndi kupweteka pomwe mwendo winawo uli bwinobwino, kubanika mwadzidzidzi, chifuwa kubaya mukamakoka mpweya, kutsokomola magazi, kamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera, diso kuchita mdima, mutu woopsa umene simunaumvepo. Olo zitangochitika mphindi zochepa nkusiya zokha, pitanibe. Mwendo wotupawo osamautikita. Pali mtundu wina wa APS woopsa kwambiri umene magazi amaundana mu ziwalo zingapo masiku ochepa, catastrophic APS, umagwira osakwana mmodzi pa odwala 100 ndipo kawirikawiri umayamba munthu akadwala matenda ena aakulu, akachitidwa opaleshoni kapena akasiya mankhwala mwadzidzidzi, nchifukwa chake timalimbikira kuti warfarin sasiyidwa mwachisawawa ndipo dokotala aliyense, ngakhale wa mano, aziuzidwa.

Tsopano mantha anu aja otenganso mimba. Ndi omveka ndipo sindikuuzani kuti musaope. Koma mudziwe kuti amayi a APS akalandira chithandizo choyenera, oposa 70 pa 100 amabereka mwana wamoyo. Chithandizocho ndi aspirin wa mlingo wochepa, 75 mpaka 100 mg patsiku, amene nthawi zambiri amayambidwa mimba isanabwere, kuphatikiza jakisoni wa heparin monga enoxaparin tsiku lililonse kuyambira pomwe mayeso a mimba aonetsa positive. Jakisoniyo mumadzibaya nokha pansi pa khungu, kasingano kake nkakang'ono, mumatsina khungu la pambali pa mimba kapena pa ntchafu nkubaya, osatikita pambuyo pake, ndipo mumasinthasintha malo chifukwa pamatsala timabala takuda. Masiku oyamba dzanja limanjenjemera koma amayi amazolowera. Heparin sadutsa nsengwa nde safika kwa mwana. Warfarin ndiye amadutsa ndipo amatha kuwononga kapangidwe ka mwana makamaka pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12, choncho mayi amene ali pa warfarin akangodumpha tsiku la kumwezi ayezetse mimba msanga nkusinthidwa kupita pa heparin. Poti inu munaundanapo kale magazi, APS ikatsimikizika mlingo wanu wa heparin utha kudzakhala waukulu kuposa wa mayi amene vuto lake ndi la mimba lokha, ichi nchifukwa chinanso chonenera nkhani ya mwendo ija kwa dokotala wa amayi. Ndipotu olo mayeso onse atatuluka negative, mbiri ya mwendoyo payokha imafuna kuti pa mimba yotsatira akambirane nanu za heparin.

Chonde musayambe kumwa aspirin panokha lero chifukwa mwawerenga apa, muyambe mwayezedwa ndipo dokotala aone ma platelet anu kaye.

Mimba yoteroyo imafuna sikelo ya pafupipafupi kuposa ya masiku onse, BP ndi mkodzo kuyezedwa ulendo ulionse, sikani yoona kakulidwe ka mwana ndi kayendedwe ka magazi mu nsengwa miyezi yomalizira, ndipo mwana akachepetsa kusuntha mupite tsiku lomwelo. Tsiku lochira limakonzedweratu kuti adziwe nthawi yoimitsira jakisoni. Mukachira musaone ngati zatha, masabata 6 oyamba aja ndi amene chiopsezo choundana magazi chimakhala pamwamba kwambiri, nde heparin amapitirira kapena amakubwezerani pa warfarin, ndipo onse awiriwa mutha kuyamwitsa bwinobwino muli pa iwo.

Popita kukaonana ndi dokotala tengani mapepala onse amene muli nawo, a mwendo uja, a warfarin, a sikani, a mimba zonse zitatu, ndipo lembani pa pepala limodzi chaka chilichonse ndi zomwe zinachitika, mimba iliyonse inali ya masabata angati, BP inali bwanji, munkamwa chani. Mukafika nenani zonse ulendo umodzi, kuti ndinaundanapo magazi mmwendo, ndataya mimba zitatu imodzi ya miyezi 6, ndikupempha mayeso atatu a antiphospholipid. Ngati pamalopo sayeza, pemphani akutumizeni kwa dokotala wa magazi, wa matenda a nyamakazi ndi lupus, kapena wa amayi oyembekezera amene mimba zawo zili pa chiopsezo. Bambo akunyumba apite nawo ngati nkotheka, amve okha kuchokera kwa dokotala chifukwa chomwe mukudikirira miyezi itatu imeneyi musanayesenso.